Thonje ndi Mkono wa Amake Ulemu

Mwera ukayamba kuwomba kuminda ya ku Sinda, thonje limaphulika, munda wonse mbuu. Zaka zonse Doris, amene pamudzi amamutchula kuti amake Ulemu, ankayembekeza nyengo imeneyi mtima uli m'malo. Chaka chimenecho ankaliyang'ana thonjelo ali pakhonde, mkono wakumanzere ataupakata ngati wa munthu wina.

Bere lake analichotsa kuchipatala mvula itangoyamba, chimanga chikumera. Anati ndi khansa. Anachotsanso anabere a m'khwapa. Anabwerera kumudzi ndi chipsera chochokera pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, ndi mawu amene anesi anamuuza atamugwira chigongono: "Amayi, mkono uwu muziusamala ngati khanda. Madzi ake alibenso njira yabwino yobwerera. Osanyamula zolemera, osabayitsapo jakisoni, osaucheka. Kachilonda kakang'ono pano ndi khomo la matenda."

Bala linapola, ululu sunathe. Kukhwapa kunali dzanzi, koma mkati mwa dzanzimo munkalasa ngati singano. Nthawi zina bere lomwe kulibelo linkayabwa, iye n'kumakanda pansalu popanda kanthu. Mdzukulu wake sankamubereka, chifukwa mfundo ya chitenje imagwera pachipsera penipeni. Lamlungu ankaika m'bulauzi kathumba kamene anasoka yekha n'kudzazamo thonje la chaka chatha, atachotsa njere, kuti kutchalitchi maso a anthu asaime pa iye. Dzinja lonse mwamuna wake Valentino anapalira yekha. Akazi anzake podutsa ndi makasu ankakuwa, "Mwaswera bwanji, abwana?" Zinali nthabwala. Iye ankaseka, koma zinkamuluma.

Thonje litayamba kuyoyokera pansi n'kumada ndi fumbi, Doris anamanga duku. "Ndizitola ndi lamanja lokha," anamuuza Valentino. Koma manja amene atola thonje kuyambira ubwana samva lamulo. Lamanzere linkapita lokha. Makoko ouma a thonje ali ndi nsonga ngati minga, ndipo limodzi linamukanda kuseri kwa dzanja. Kanali kamzere chabe. Anakanyambita, n'kupitiriza.

Choyamba kuthina chinali dzanja la bulauzi. Kenako zala zinanenepa, mkono unalemera ngati mtsuko wodzaza, ndipo pomwe panali kamzere paja panafiira, panatentha. Doris anauphimba ndi chitenje. Chisanu chinamuthandiza kubisa, pakuti aliyense ankafunda.

Chimene ankaopa ankachidziwa bwino. Kuchipatala kuja, pabedi loyandikana nalo panagona mayi wina wa ku Vubwi, amene anabwerera ndi mkono wotupa, ndipo anthu ankanong'ona kuti nthenda yamubwereranso. Kuyambira pamenepo Doris ankati akatseka maso, ankaona nyali zoyera za m'chipinda cha opaleshoni. Anadula bere, tsopano adzadula mkono. Mlimi wopanda mkono ndi ndani?

Tsiku limene anayamba kunjenjemera dzuwa lili pamutu, amayi ake aakulu, aNabanda, anamupeza atakhala padzuwa mano akugundana. Ndi iwo amene anamulera amayi ake atamwalira. Sanafunse. Anangovundukula chitenjecho.

"Mayo! Iwe mwana, mkono kapena mtondo?"

"Ndi chisanu chabe, amayi."

"Chisanu chimasankha mkono umodzi? Usandipusitse, ndinakusambitsa ndine. Amenewa ndi magazi oipa, asowa potulukira. Dikira pompo."

Anabwerera ndi lezala latsopano, likadali m'pepala lake, ndi phale la mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Mphini za aNabanda mudzi wonse unkazidziwa. Doris yemweyo anali nazo m'mbali mwa maso, zimene anamutema ali mtsikana mutu ukumuvuta, ndipo mutuwo unaleka. Anaona lezalalo, mtima wake unakhala pansi. Pano panalibe nyali zoyera. Panalibe munthu womuuza kuti yabweranso.

Valentino anatulukira ndi thumba la thonje paphewa, n'kuima. "Apongozi, pepani, kodi anesi aja sananene kuti..."

"Inu akamwini, khalani chete. Anesi anu anacheka chifuwa chonse simunalankhule. Ine timizere tiwiri tokha mwayamba kale kulira?"

Valentino anayang'ana pansi. Ndi pamudzi pa eni, ndipo mkamwini sakangana ndi apongozi. Anangoti, "Amake Ulemu, mkono ndi wanu."

Doris anatambasula mkonowo pabondo la aNabanda. Iwo anadinikiza ndi chala chachikulu kufuna potema. Atachotsa chala, dzenje linatsala, loyera pakati pa khungu lofiira, ndipo silinabwerere. Doris analiyang'ana. Anakumbukira kapaipi kamene anamuika m'khwapa opaleshoni itatha, ndi botolo limene linkadzaza pansi pa bedi. Sanali magazi oipa. Anali madzi achikasu, osowa njira. Anayang'ana kamzere ka thonje kaja, kakang'ono kuposa mphini iliyonse, ndi kufiira kumene kanabala, komwe tsopano kunali kutadutsa chigongono kulunjika kuchipsera.

Lezala linatuluka m'pepala. Linang'anima.

"Ayi, amayi." Anabweza mkonowo pachifuwa. "Khoko limodzi lachita zonsezi. Nanga lezala?"

"Ndiye ukufuna ufe nawo?"

"Ndikuopa!" Mawu anatuluka okha, ndi misozi yomwe. "Ndikuopa kuti akandiuza kuti yabweranso. Ndikuopa kuti akadula. Koma apa musateme."

ANabanda anatsitsa lezala lija, maso ali pamkono wotupawo. Doris anaona kuti nawonso ankaopa, ndipo kuti phale lija ndilo lokha limene anali nalo lomupatsa. Choncho anatambasula mkono wamanja.

"Temani uno, kamodzi kokha. Ndipite ndi dzanja lanu."

"Mankhwala a kumanzere kuikidwa kumanja? Wapenga iwe," anatero aNabanda, akupukuta m'maso. Koma anatema, kamzere kamodzi pamwamba pa chigongono, n'kupakapo zakudazo. Kenako anatembenukira kwa Valentino. "Inu mwangoima ngati chitsa? Kafuneni njinga yamoto!"

Njira yonse yopita kumsewu waukulu Doris anasanjika mkono wotupawo paphewa pa woyendetsa, bampu lililonse likumufika mpaka m'mano. Minda ya thonje inkadutsa mbali zonse, yoyera.

Kuchipatala anamugoneka. Anati tizilombo tinalowera pakachilonda kaja, ndipo tinali pafupi kufika m'magazi. Anamuika madzi a mankhwala kudzanja lamanja. Anesi ataona mphini yatsopanoyo anapukusa mutu, n'kuitsuka. Mkono sanadule. Za khansa anamuyeza, n'kunena kuti pakadali pano sakuona kanthu, koma azibwerabe kudzaonedwa. Mawu akuti "pakadali pano" ndiwo anabwerera nawo kumudzi.

Kufiira kunatha, kutupa sikunathe konse. Doris anamasula dzanja la bulauzi yake yakutchalitchi n'kuwonjezerapo nsalu. Masiku ano amakhala pamthunzi mkono uli pamwamba pa mtsamiro, atauzenga bandeji kuyambira kuzala, akuusisita chokweza monga anamuphunzitsira. Mmawa uliwonse, asanatsegule chitseko, amayendetsa zala pachipsera mpaka kukhwapa, mpweya atagwira, kufufuza kachotupa.

Mwera wayambanso, ndipo thonje la Valentino laphulika. Doris amapita mpaka kumalire a munda n'kuima pamenepo. Dzanja lamanzere limatukuka lokha kufuna kutola, ndipo lamanja limaligwira.