Adokotala Oyamba Kuyeza Galimoto

Simuwadziwa adokotala aja a kuseri kwa siteshoni ya sitima? Ndiye mumadziwa ndani, anthu inu?

Nkhalamba yoiwalaiwala ikapita kuti akaione ngati ingayendetsebe galimoto, iwo sathamangira mafunso. Amayamba atuluka panja n'kuzungulira galimotoyo, akusisita mokalika ndi mopindika monse. Amati, "Munthu amanama, koma chitsulo sichidziwa bodza."

Chaka chatha kunapita a Kuwabara, olima malalanje aja, atatchena jekete la paukwati. Ankaopa kuti akawaletsa kuyendetsa kalole kawo, malalanje awolera kuphiri. Powayeza nzeru, tsiku analitchula bwinobwino, wotchi imene anawauza kujambula anaijambula yosakhota, poti akazi awo anali atawalowezetsa kunyumba.

Atazungulira kalole kaja, adokotala anatembenukira kwa akaziwo. "Mayi, mdzukulu wanu amapita bwanji kusukulu?"

"Wapansi."

"Nanga kukamagwa mvula?"

"Ali ndi ambulera."

"Kale ankamuperekeza ndani?"

Mayiwo analoza amuna awo. A Kuwabara zinawapweteka. "Inunso ndinu nkhalamba, adokotala. Inuyo anakuyezani ndani?"

"Mwana wanga wamkazi. Anasiya kugona m'galimoto ine ndikamayendetsa, ndiye ndinadziwa kuti akuchita mantha. Pano ndimayenda pa basi, bambo. Koma mpando wa pawindo ndi wanga, musadzandilande."

A Kuwabara anapisa m'thumba n'kupereka makiyi kwa akazi awo.

Lero kalole kaja akuyendetsa ndi mpongozi wawo, iwo ali pambali kumulozera njira yolakwika. Mdzukulu uja sanyowanso. Lachinayi a Kuwabara amakwera basi imodzi ndi adokotala, ndipo za pawindo sanagwirizanebe.