Tsiku Limene Ndolo za Devung Zinakhala Chete

Devung ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu a m'nyumba yathu yaitali, ya kumtunda kwa mtsinje wa Baram, sadziwa miseche. Mabanja makumi anayi pansi pa denga limodzi, khonde limodzi, koma iye akamadutsa ankangopeza anthu akukamba za mvula ndi mbewa zoononga mpunga. Akapita kukacheza kwina ankachita kudziguguda pachifuwa kuti kwathu kokha ndiko kuli anthu amakhalidwe. Palibe amene anamuuzapo kuti ndolo zake zinkamveka kuti ngwerengwere mwini wake asanatulukire n'komwe.

Anamuboola makutu ali wakhanda, monga ankachitira ndi mtsikana aliyense wa mtundu wathu wa Kayan. Anayamba ndi kamphete kamodzi kamkuwa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Pamene ankakwatiwa makutu anali atafika m'mapewa, ndipo podzameta imvi anali akugunda pachifuwa.

Za ndolo ndiye usamuyambe, ungapserere ndiwo pamoto. Mphete zamkuwa zambirimbiri zija zinali za masiku onse, zopita nazo kumunda. Za paphwando ankasunga m'kabokosi: ziwiri zokha, zolemera, zoumbidwa ngati chipatso chosongoka kunsi, zimene zimafuna mkazi wodziwa kunyamula khosi povina. Ankadziwa mmisiri amene anasema ndolo ya mlomo wa nang'omba ya mwamuna aliyense, ndipo ankalemekeza dzino la nyalugwe limene mwamuna wake Ajang ankavala pamwamba pa khutu, ngakhale tonse tinkadziwa kuti nyalugweyo anafa yekha ndi ukalamba. Zimene sankazimvetsa ndi tindolo tagolide ta m'sitolo za m'tauni ya Marudi, tating'ono ngati njere ya mpunga.

"Iwe Huring," ankatero kwa mnzake wa khomo loyandikana, "chili pakhutu pakocho ndi ndolo kapena kachiphuphu?"

Huring anali atadulitsa makutu ake kuchipatala cha m'tauni, monga ankachitira amayi ambiri zaka zimenezo. "Seka lero, mnzanga," ankayankha. "Ukadzapita ku mzinda wa Miri ana adzakulondola msika wonse ngati wanyamula nyani."

Mawu amenewo anadzaluma chaka chimene Lalang, mwana yekhayo wa Devung, mphunzitsi ku Miri, anapeza mwamuna wa m'tauni. Ukwati unali woti ukachitikire komweko. Devung anakumbukira tsiku lina kalekale pa msika wa ku Marudi, Lalang ali wa sukulu, pamene mwanayo anayenda patsogolo mwandawala ngati sakudziwa mayi wa makutu aataliyo. Chinamuwawa nthawi imeneyo, ndipo chinali chikumuwawabe. Anatsimikiza kuti mwana wake asadzachite manyazi pamaso pa apongozi. Anapangana ndi mwini bwato la injini kuti Lachinayi m'mawa amutengere kuchipatala kukadulitsa makutu. Ankadziwa bwino kuti khutu si tsitsi, ukadula silimeranso.

Lalang anali atabwera kumudzi kudzakonzekera zaukwati, koma mayi ake sanamuuze kanthu.

Lachitatu masana Devung anati ayeserere. Anadzitsekera m'chipinda, navula mphete zonse osavala zina kwa nthawi yoyamba chikhalire, napinda makutu n'kuwamangira m'kati mwa duku. Ataimirira anadzandira. Mutu unapepuka ngati chikho chopanda madzi. Anatuluka pakhonde akugwira khoma, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka.

Huring ndi amayi ena atatu ankaluka mphasa atafulatira.

"Koma mowa wa mpunga wa paukwati asafulule Devung, chonde," ankatero Huring. "Uja wa chaka chatha ndinathirako pang'ono mumtsinje, nsomba zinayandama zokha."

Kuseka kwake! Devung anaima kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi Huring yemweyu ankapempha chikho chachiwiri.

Anapitirira mwakachetechete. Patsogolo pang'ono Ajang, amene anagona mlungu wathunthu akubuula ndi msana, anali chilili kuonetsa anzake mmene amaponyera mkondo pa nguluwe.

"Msana wanga ndi wanzeru, amuna anzanga," ankadzitama. "Umadziwa wokha nyengo yopalira. Mukangomva mabelu a amake Lalang mundiuze, ndigone."

Devung anamuyang'ana mwamunayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nasunga nkhaniyo mumtima kuti adzaiphike bwino tsiku lina. Mtima unali utatentha, komabe penapake ankafuna kuseka. Anangoti abwerere m'chipinda asanamve zoti nayenso mpunga wake sapsetsa.

Podutsa pakhomo pa mlamu wake Mening, mlongo wa Ajang, anamva mawu a Lalang m'kati, mawu a munthu amene walira.

"Azakhali, amayi auzeni ndinu kuti asadulitse makutu. Akundibisira, koma nyumba yonse ikudziwa za bwato la mawa."

"Nanga pakamwa ulibe? Si ndiwe mphunzitsi?"

"Ndikangomva ndolo zawo zikubwera mawu amandithawa, ndimayamba za mvula. Ndinawalakwira ine, azakhali. Ndili mwana ndinawathawa pa msika, ndipo ndikudziwa kuti sanaiwale."

"Unali kamwana kopusa. Mako ndi mako, usamuone kutalika khutu."

Lalang anaseka m'kati mwa misozi. "Apongozi anga ndawauza kale kuti adzaona mkazi wovina ndi ndolo zolemera mutu osagwedera. Akudikira. Ine ndinkagona nditagwira khutu la amayi, azakhali. Ndimafuna mwana wanganso adzaligwire."

Devung sanathe kupirira. Anakankha chitseko osaodira. Lalang ataona duku lomangidwa mothina ndi mapewa opanda kanthu, anakuwa mpaka nkhuku za pansi pa nyumba yathu ya pansanja zinabalalika.

"Mayo! Amayi, mwadula kale?"

Devung anamasula duku. Makutu anagwa, limodzi uku lina uku, ofewa, opanda kanthu, athunthu. Mening anagwa chagada ndi phwete. Lalang ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, atakumbatira mayi ake ndi makutu omwe, ndipo Devung anamva chimwemwe chimene sanachimvepo chibadwire cha mwanayo.

"Leka kundinyowetsa, iwe," anatero, naye akupukuta m'maso. "Pita ukauze mwini bwato kuti pamalo panga akwezepo nkhumba. Ukabwere ndi mphete zanga, zili pamphasa."

Anakhala pakhonde poyera, anthu ataunjikana, Lalang atagwada pambali pake kubwezera mphetezo imodziimodzi. Zala za mphunzitsi zozolowera choko zinkachita chibwibwi, ndipo amayi onse ankamulangiza nthawi imodzi. Atamaliza khutu loyamba, Lalang ananyamula mulu wa mkuwawo m'dzanja lake, nadabwa.

"Amayi, kulemera konseku? Zaka zonsezi simutopa nazo?"

"Ndi izi? Ayi, mwanawe," anatero Devung, akumupatsa khutu linalo. "Ine ndatopa lero lokha."