Nambala ya pa chigafa

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga.

Ine sukulu ndinayamba ndili kale ndi ana atatu, sukulu ya kwacha, ku Mponela. Choncho a kalembera atafika kudera lathu n'kunena kuti akufuna munthu wodziwa njira za m'mapiri komanso wotha kulemba manambala, mtima unandikula. Mlembi wochokera kuboma ankafunsa anthu a pakhomo n'kulemba m'buku, ine n'kulemba nambala ndi choko pachitseko cha nyumba iliyonse yogona munthu. Wachitatu pa ulendowo anali mkulu wa achinyamata a chipani. Iye sankalemba kanthu, ankangoyang'ana.

Tsiku lina masana tinakwera kukamudzi kena kumalire a Dowa ndi Ntchisi, komwe kunkakhala msuweni wanga, mwana wa amalume. Mwamuna wake anali wa mpingo uja unaletsedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Nyumba za anzake a mumpingomo zitatenthedwa, iye anasowa, ndipo mudzi wonse unkati ali kumigodi ku Joni. Inenso ndinkadziwa choncho.

Msuweni wangayo tinamupeza akupeta chimanga. Ine ndi iye chitukwanirane kuyambira tili ana, monga amachitira asuweni.

"Taonani amuna anga aulesi," iye anatero, "lero agwira choko ngati aphunzitsi!"

Mlembi anatsegula buku. "Mayi, pakhomo pano mumagona angati?"

"Anayi, bwana. Ine ndi ana atatu."

"Bambo ali kuti?"

"Ali ku Joni."

Ine ndinali kufuna chomubwezera. Maso anga anagwera pakhomo la chigafa cha fodya, kuseri kwa nyumba. Panali nsapato zamatayala, zazikulu, matope ake osauma.

"Iwe mkazi wanga wabodza," ndinafuula, "amuna ali ku Joni, nanga nsapato izi? Wapeza kale wina ine ndili moyo?"

Ndinaseka ndekha. Lichero linaima m'manja mwake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wathu sanandibwezere.

Wachipani uja anayang'ana nsapatozo nthawi yaitali.

"Achimwene, chigafa icho chilembeni nambala."

"Umo mumakhala fodya," ndinatero.

"Si paja nyumba iliyonse yogona munthu? Lembani."

Ndinapita. Nditatsamira chitseko chansungwi ndinamva munthu m'katimo akumeza chifuwa kuti asatsokomole. Komabe nambalayo ndinailemba bwinobwino monga anandiphunzitsira.

Wachipaniyo anatsanzika mwaulemu, akuseka, moti msuweni wanga anayesa kuti zathera pomwepo. Koma tikutsika phiri anandigwira paphewa.

"Galimoto ya apolisi ibwera mkuja. Zimenezi tikudziwa ine ndi inu basi. Tikapeza m'chigafa muli fodya yekha, ndidziwa pakhomo poyambira. Paja ana anu ndi atatu?"

Mkuja wakewo apolisi anamupeza mwamuna wa msuweni wanga m'chigafa momwemo. Anamumanga ndi luzi, ndipo sanabwerenso. Msuweni wanga anakhala moyo zaka zambiri pambuyo pake. Tikakumana pamaliro ankagwada n'kunena kuti, "Muli bwanji bambo," ngati akupereka moni kwa mlendo.

Abale amati ndinalakwa pakamwa chabe, nthabwala ya chisuweni, ndani akanadziwa? Ine ndimavomera, chifukwa sadziwa za tsiku lapakati lija.

Tsiku limenelo kutacha ndinanyowetsa kasanza n'kukwera phirilo ndekha. Ndinali ndi mantha kuti m'tsogolo anthu adzati dzanja lolemba pachitsekopo ndi langa. Pakhomo panalibe munthu, msuweni wanga anali atapita kumadzi. Nsapato zija anali atazichotsa. Ndinaima pachigafa, ndipo ndinamva bamboyo akupuma kuseri kwa nsungwi, pafupi kwambiri moti ndikananong'ona chabe kuti, "Thawani lero," akanamva.

Ndinafufuta nambalayo mpaka choko chonse chinachoka, ndinapinda kasanza kanga, n'kutsika osanena kanthu.