TV ya Malemu pa Kachulu

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkaonetsa mafilimu m'shedi yanga padoko la Kachulu. Mnzanga wa shedi yoyandikana, amene tinagulira limodzi ma TV ofanana, anamira popita ku chilumba cha Chisi. Akazi ake anapitiriza bizinesiyo, koma TV yawo inayamba kukwera mawu yokha, pena kuzima popanda woigwira. Asodzi analeka kulowamo, ati malemu akumabwera.

Tsiku lina masana ndinasuzumira pampata wa khoma la bango lotilekanitsa, rimoti ili m'manja. Nditadina, ma TV onse awiri anazima. Ndinamata khomalo ndi dothi, zodabwitsazo zinatha.

Nditawafotokozera mayiwo, anayang'anitsitsa dothilo osaphethira.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "nanga tsiku lija munapita ku Zomba, ankadina ndani?"

Ulendo umenewo rimoti inali m'thumba langa.