Penti Wofiira wa Jurandir

Padoko lathu, pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, panalibe boti loyandama lomwe silinadutse m'manja mwa Jurandir. Ntchito yake inali yomata maboti a matabwa. Ankakhomerera thonje m'mipata, kuthira phula, kukhoma misomali ya mkuwa, kenako n'kupaka kunsi penti wofiira wa poizoni kuti turu, nyongolotsi zoboola matabwa zija, zisayandikire. Anayamba ali kamnyamata kogwirira bambo ake chitini cha phula, ndipo pofika pomera imvi anthu anali atasiya kumutchula dzina. Aliyense ankangoti Amisiri, ngakhale ansembe amene. Dzina limeneli ndilo linali chuma chake chonse, ndipo ankalisamala kuposa mano ake.

Sanali munthu woipa ayi. Kungoti za mnzake zikayenda, iye chakudya chinkamukanika.

Anali ndi mlamu wake, Ozias, mwamuna wa mlongo wake Zuleide. Ozias anakulira m'matope kugwira nkhanu, ndipo akafuna kupita kunyanja ankakwera maboti a eni. Jurandir ankamukonda kwambiri, chikondi chija timakhala nacho pa munthu amene ali pansi pathu. Ankamupatsa nsomba, kachasu wa Loweruka, ndi malangizo amene sanapemphedwe.

Tsiku lina Ozias anasinthanitsa nkhumba yake ndi chiboti chakale cha aluminiyamu chomwe chinkagona kuseri kwa fakitale yocheka matabwa kumtunda kwa mtsinje. Chinabwera chokokedwa, chophwanyika nthiti, m'kati muli zisa za nkhuku.

"Alamu," anatero Jurandir, "mwagula beseni losambitsira ana? Nanga anawo si anakula kale?"

"Beseni lomweli lidzakupitirirani inu mukukoka chingwe cha injini," Ozias anayankha akuseka.

Anthu anaseka, Jurandir nayenso anaseka. Sankadziwa kuti kuseka kwake kwa chaka chimenecho kwathera pomwepo.

Ozias anakweza botilo pa zitsa pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuligwira. Anapala utoto wakale mpaka chitsulo chinayamba kuthobwa m'maso, anawongola mophwanyika ndi nyundo ya mtengo, kenako anadzaza madzi m'botimo n'kugona pansi pake ndi khala m'manja, kulemba paliponse podontha. Anthu anali asanaonepo boti likuyesedwa pothira madzi m'kati, ndiye anayamba kusonkhana. Mayi Benedita, ogulitsa chakumwa cha zipatso za asayi, amene kwa zaka zambiri ankaika benchi yawo pafupi ndi shedi ya Jurandir, anaisamutsira kumango kuja. Jurandir ankamva kulira kwa nyundo ali yekhayekha ndi phula lake, ndipo kulira kulikonse kunkamulasa. Chomwe chinkamupweteka koposa n'chakuti Ozias sanabwere kudzafunsa kanthu.

"Achimwene, mwakaliona boti lija?" anafunsa Zuleide atamubweretsera msuzi wa turu, poti kwathu kuno nyongolotsizi timadyanso. "Likuwala ngati poto watsopano. Anthu akuti za matabwa zikutha."

"Akutero ndani?"

"Aa, anthu basi. Idyani usanazizire."

Sanadye. Madzulo ake kumalo omwera mowa analankhula mokweza, kuti aliyense amve, kuti boti lachitini la Ozias silidzaona nyengo ya mvula kawiri. Anabwereza mawa lake, ndi mkuja wake. Nsanje ikakula munthu amaiwala kuti anthu ali ndi makutu ndipo amasunga.

Kenako Ozias anatulukira pashedi, chipewa chili m'manja. Misomali ina ya botilo inali itathothoka, ndipo pansi pankadonthabe.

"Alamu, ndakanika. Komanso palibe boti limalowa m'madzi pano popanda dzanja lanu. Langa likhale loyamba?"

Jurandir anavomera pomwepo. Apa ndinene zoona, chifukwa ambiri sanena: munthuyu sanaganize choipa chilichonse. Ankangofuna kuti botilo likamayandama anthu aziti ndi Amisiri amenewo. Anatulutsa misomali yake ya mkuwa yabwino koposa, imene ankasungira maboti a anthu olemera, n'kuikhoma yekha umodziumodzi. Anatsegula chitini chatsopano cha penti wofiira.

"Koma turu amadya chitsulo?" anafunsa Ozias.

"Turu ayi, koma ndere ndi tinkhono zimamera paliponse. Boti losapaka kunsi ndi munthu wopanda kabudula. Inu za nkhanu, ine za maboti. Gwirani uko."

Anapaka kawiri, mosamala, monga ankachitira moyo wake wonse. Botilo litalowa m'madzi silinalowetse ngakhale dontho, ndipo anthu anaombera m'manja dzanja la Amisiri. Chimwemwecho sichinakhalitse. Ndi kainjini kobwereka, Ozias ankafika kutali kumene maboti olemera a matabwa ankachedwa kufika, n'kubwerako woyamba, nsomba zikadali pa ayezi. Zuleide anagula firiji. Loweruka lina Ozias ndiye anagula kachasu, n'kumuthirira mlamu wake. Jurandir anamwa, koma unamuwawa kukhosi ngati mankhwala.

Mvula itadutsa, Ozias anaona kaufa koyera kozungulira misomali ija. Anapukuta, kanabweranso. Kenako timabowo tinayamba kuoneka kunsi, tating'ono ngati ta sefa. M'mawa wina anthu anaona boti la aluminiyamu likubwera chokokedwa ndi asodzi ena, Ozias ali m'madzi ofika m'mawondo, akukapa ndi chitini. Nsomba zonse ndi maukonde anali atataya m'nyanja kuti asamire, ndipo injini ya eni ake inali itamwa madzi amchere.

Jurandir anaima pakhomo la shedi n'kuona zonsezi. Chimene chinayamba kufika mumtima mwake chinali kukoma. Manyazi anabwera pambuyo, koma kukomako kunali kutafika kale, ndipo iye anakumva bwinobwino.

Ozias anatenga chidutswa cha botilo kupita nacho kutauni kwa owotcherera zitsulo. Anabwerako Lamlungu masana, anthu akuchokera kutchalitchi, n'kulunjika kushedi. Zuleide anali pambuyo pake, ndipo eni maboti ambiri anatsatira.

"Alamu," anatero Ozias modekha, "wowotcherera uja wati silingakonzeke. Akuti mkuwa ndi aluminiyamu zikakhudzana m'madzi amchere, mkuwawo umadya chinzakecho. Misomali yanu ndi ya mkuwa, penti wofiirayo namonso muli mkuwa. Akuti mmisiri wa maboti aliyense amadziwa zimenezi, ndiye amene anachita izi ndi mbuli, apo ayi ndi mdani."

Wina kumbuyo ananong'ona, koma momveka, kuti paja Amisiri ananena kuti silidzaona mvula kawiri.

"Ine ndamuuza kuti mlamu wanga si mdani," Ozias anapitiriza. "Ingonenani kuti simunkadziwa, zithere pompano. Boti ndi boti. Ine ndibwerera kunkhanu zanga, sindinaziiwale."

"Nenani, achimwene," anatero Zuleide. "N'chovuta n'chiyani pamenepa?"

Jurandir sankadziwa. Anali asanamvepo n'kamodzi komwe kuti chitsulo chingadye chitsulo chinzake. Mawu oti anene anali aafupi, ndipo mlamu wake anali atamuikira kale m'kamwa. Koma anayang'ana eni maboti aja, anthu amene anamuona akukula, amene ankamubweretsera maboti awo osafunsa funso, ndipo anaona kuti akangonena mawuwo, mawa wogwira nkhanu ndi wowotcherera wa kutauni ndiwo akhale odziwa za maboti padoko pano. Nsanje inali isanamusiye ngakhale pamenepo, boti litafa kale.

"Ine pa za maboti," anatero, "palibe chimene sindichidziwa."

Ozias anavala chipewa chake.

"Ndamva," anatero. "Tiye, Zuleide."

Jurandir akumatabe maboti mpaka lero, poti padoko pano palibenso wina woidziwa ntchitoyo, ndipo palibe amakayika kuti amaidziwa. Koma mwini boti aliyense tsopano amabwera ndi chitini chake cha penti ndi misomali yakeyake, n'kukhala pa chitsa kuyang'anitsitsa manja ake mpaka amalize. Ozias amadutsa kuseri kwa shedi m'mamawa, thumba la nkhanu lili paphewa, osapereka moni. Zuleide akakumana naye panjira amamupatsa moni ndithu, wa ulemu, umene timapatsa alendo.