Makoswe a M'mawa ndi Makoswe a Madzulo

Pulofesa anabweza mapepala a mtsikana wina wophunzira kafukufuku osawamaliza n'kuwerenga komwe. Anamuuza kuti zotsatira zake zikutsutsana zokha, ndipo chaka chikatha zisanagwirizane, malo ake mu labotale apatsidwa kwa wina.

Mtsikanayu anali atagwapo kale. Anachotsedwa kusukulu ya udokotala atalephera mayeso, ndipo maphunziro a kafukufuku anawalowa mochita kupempha. Malemu mkazi wanga ankagwira naye ntchito, choncho nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Ntchito ya mtsikanayu inali ya impso. Impso imasefa magazi, koma sitaya zonse: mchere wina imaubwezera m'thupi kudzera m'timachubu tosaoneka ndi maso. Ikabweza wambiri, magazi amathamanga. Iye ankayeza kachidutswa ka chibadwa kamene kamalamula ntchito imeneyi m'maselo a impso za makoswe.

Vuto linali lakuti lero kachidutswako kapezeka kakugwira ntchito mwamphamvu, mawa kapezeka kali ziii. Makoswe amtundu umodzi, chakudya chimodzi, dzanja lomwelo. Anasintha mankhwala oyezera, anatsukanso mabotolo oyera kale, anapempha mnzake kuti aziyang'anira manja ake. Palibe chinasintha.

Kunyumba nakonso kunalibe mpumulo. Azakhali ake ankauza alendo kuti mwana anathawa odwala n'kukayamba kuweta makoswe. Mchimwene wake anamupatsa dzina loti Namikodzo, chifukwa ntchitoyo inkafunanso kutunga mikodzo ya makoswewo.

"Namikodzo, wasamba m'manja? Usatigwirire mbale."

"Achimwene, manja angawa ndi oyera kuposa kolala ya shati lanulo."

Chomukwiyitsa kwambiri chinali mzere. Chipinda cha makoswe chinali chimodzi, ndipo akuluakulu onse ankachifuna dzuwa litakwera pang'ono, atamwa tiyi. Iye, monga wotsiriza, ankatola nthawi yotsala: nthawi zina mbandakucha, nthawi zina madzulo anthu akuweruka.

Tsiku lina anapita kukadandaula. Anauza pulofesa kuti watopa kukankhidwa ngati mpando, kuti munthu sangagwire ntchito yolongosoka lero m'mawa, mawa madzulo. Mawu ali m'kamwa anaima.

"Bwanji, wameza lilime?"

"Bwana, mabotolo anga ndikufuna ndiwasanje mwina."

Anatsegula firiji n'kuyamba kukumbukira botolo lililonse nthawi imene analidzaza. A m'mawa anawaika kumanzere, a madzulo kumanja. Zotsatira za kumanzere zinali zofanana zokhazokha, za kumanja chimodzimodzi. Manja ake analibe mlandu. Impso ija inali ndi nthawi yake yogwira mchere ndi nthawi yake youtaya, ndipo anzake sankaona zimenezi chifukwa tsiku lililonse ankaipeza pa ola lomwelo.

Musaganize kuti anamuombera m'manja. Pulofesa anati kukumbukira si umboni, ayambirenso ndi makoswe atsopano, ndipo apa sanalakwe. Atamaliza, akatswiri ounika kafukufuku anamubwezera lipoti lake. Wina anati makoswe achepa, wina anati lipoti latalika. Mkazi wanga ankati ankamumva mtsikanayu akutukwana firiji chapansipansi, koma m'mawa mwake ankamupeza atavala kale magolovesi.

Chaka chinatha, malo ake sanapatsidwe kwa wina. Lipoti linasindikizidwa, kenako ena anatsatira. Patapita zaka, pulofesa atapuma pa ntchito, makiyi a labotale anasiyira iye.

Lero ophunzira ake ali m'malabotale ambiri. Mungawazindikire msanga: salola botolo kulowa mufiriji lisanalembedwe nthawi. Ndipo m'chipinda cha makoswe, wophunzira watsopano ndiye amayamba kusankha ola.

Mchimwene uja tsopano ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Amaimba foni kufunsa za mapiritsi ake, mawu atatsika. Iye amamuuza kuti afunse dokotala wake, poti mayeso audokotala analephera, ndipo onse m'banjamo akukumbukira. Dzina la Namikodzo silinathe, koma mbale amamulola kugwira.

Sindikulonjezani kuti aliyense wokankhidwira kumapeto kwa mzere adzatulukira chinthu. Ambiri amangotopa. Koma ngati mwapatsidwa nthawi yotsala ndi malo amene ena akana, kwiyani ndithu, n'zokwiyitsadi. Mukatero yang'anitsitsani, chifukwa pamenepo pali zimene a kutsogolo sakuziona. Osataya mtima, ndipo mawa mubwerenso.