Kukatenga Amake Tadala ku Kachulu

Tinanyamuka pa Mbulumbuzi Loweruka sikisi koloko itangokwana, njinga zamoto zisanu ndi zitatu. Tonse ndife a kabaza a pa siteji imodzi, ndipo kamodzi pa chaka timasiya makasitomala n'kupita kukaona malo. Chaka chimenecho tinasankha nyanja ya Chilwa. Amene anatchula Chilwayo pa msonkhano ndinali ine, koma chifukwa chake ankachidziwa ndi a Saidi okha, tcheyamani wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula.

Mkazi wanga Esinati kwawo ndi kufupi ndi doko la Kachulu. Chaka cha mvula yoopsa ija, matope atatsika m'phiri n'kukokolola nyumba yathu, ine ndinali kumsewu ndi njinga. Esinati anamupeza atakakamira mtengo wa mango. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi, sitinamupeze. Patapita miyezi itatu Esinati anati akukaona amayi ake kwa sabata imodzi. Zinatha zaka ziwiri. Foni ankayankha, koma mawu awiri atatu basi. Ine m'menemo ndinali nditamanga nyumba ina yamalata, kutali ndi phiri, ndipo ndinkaganiza kuti chatsala n'kukamutenga.

Fostino, mnzathu wa nthabwala, anaona chipewa chachiwiri cha panjinga nditachimangirira kumbuyo.

"Ichi n'cha ndani, achimwene? Mukukakweza mlamba?"

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka.

Pa Thondwe msika unali ukuyamba kudzaza. Amayi okhala ndi madengu a tomato ankatiimika mmodzimmodzi, ife n'kumangodutsa. Mayi wina anagwira m'chiuno, kusamvetsa kuti a kabaza asanu ndi atatu angakane bwanji munthu tsiku la msika. Fostino anati mtima wake ukuwawa ngati wasiya mwana panjira, kenako anandiyang'ana n'kuyang'ana kumbali.

Ku Zomba tinaima pa thirumu ina pafupi ndi depoti. Tiyi wamkaka ndi sikono ziwiri anali wani sauzande faifi handiredi, ndipo a Saidi anafunsa mwini wake ngati ng'ombeyo ili m'kati mwa mtengowo. Tinathira petulo, n'kukhotera pa Matawale, ndipo posakhalitsa tala inatha. Kuchokera pamenepo linali fumbi lokhalokha. Wakutsogolo yekha ndiye ankaona njira, otsalafe tinkangotsata phokoso.

Pa Govala tinagula chinangwa chophika kwa mayi wina amene anatiwerenga ndi chala.

"Kuli maliro kodi?"

"Ayi mayi, tikukaona nyanja."

"Kungoiona?"

"Eya."

Anapukusa mutu, n'kutiwonjezera mchere.

Cha m'ma teni nyanja inaonekera. Kwa munthu wa ku Chiradzulu, amene maso ake anazolowera kugunda phiri kulikonse, malo amenewa amachititsa chizungulire. Dziko lonse ndi lathyathyathya. Madzi anali atabwerera, n'kusiya dothi louma losalala, ndipo tinayendapo motsatizana m'mphepete mwa mabango, kumanja minda ya mpunga yokololedwa, kumanzere madzi otuwa ndi chilumba cha Chisi chitakhala phee pakati. Akakowa ankauluka patsogolo pathu. Anzanga ankaliza mahutala, wina ataimirira pa njinga. Kunali kokongola, sindikana. Koma ine ndinkangobwereza mumtima mawu amene ndinakonza.

Pa doko anzathu anatsalira kukaotcha nsomba za makumba ndi kujambulitsa m'mabwato. Ine ndi a Saidi tinapitirira kumudzi. Iwo anatsalira pansi pa mtengo, kumsewu.

"Pitani nokha. Ndili pano."

Esinati ndinamupeza akuyanika mpunga pa mphasa. Anali atawonda. Atandiona anaimirira, kupukuta manja pa chitenje, n'kundipatsa mpando ngati mlendo. Iye anakhala pansi.

"Mwayenda bwanji, a bambo a Tadala?"

Dzina limenelo palibe anali atanditchula nalo kwa nthawi yaitali. Ndinayankha moni, ndinafunsa za amayi, amene anali kumunda. Kenako ndinamuuza za nyumba: zipinda ziwiri, simenti pansi, mjigo pafupi. Ndinati ili kutali ndi phiri.

"Phirilo likuoneka?"

"Likuoneka pang'ono."

"Kwanu kulibe malo amene silioneka."

Ndinati ngati vuto ndi limenelo, ine ndisamukira konkuno. Njinga imagwira ntchito kulikonse. Esinati anatola kamwala mumpunga, n'kukataya.

"Pali chimene simunandifunsepo," anatero. "Zaka zonsezi. Simunandifunse kuti mwana anachoka bwanji m'manja mwanga."

"Madzi anali amphamvu."

"Ndinali nditamugwira dzanja. Madzi sanamulande. Titafika pa mango paja ndinafuna manja onse awiri. Ndinamusiya ndine."

Analankhula motsitsa, osalira, akundiyang'ana m'maso. Ankadikira.

Ndikudziwa chimene ndinayenera kunena. Aliyense akuchidziwa. Koma sindinachinene. Ndinaona kadzanja ka Tadala, kamene kankandigwira malaya ndikamukweza pa thanki ya njinga, ndipo ndinayang'ana manja a Esinati. Anaona kuti ndawayang'ana. Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha mpunga, palibe anaiingitsa.

"Mwaonatu," anatero. "Ndi zimene ndinkathawa. Tsiku lililonse ndikamakupatsirani chakudya muzidzayang'ana manja amenewa."

"Esinati..."

"Sindikukwiyirani. Nanenso ndimawayang'ana. Pitani bwino, anzanu akudikira."

Analowa m'nyumba. Ndinakhala pampandopo kanthawi, kenako ndinanyamuka.

A Saidi ndinawapeza pansi pa mtengo paja. Anangoyang'ana kumbuyo kwanga, n'kuliza njinga yawo. Pa doko Fostino anali atandisungira nsomba pa nyuzipepala. Ndinaidya kuti asandifunse, ndipo sindikukumbuka kukoma kwake. Msodzi wina wokalamba amene ankasoka ukonde anatifunsa kumene tachokera. Titamuuza, anati, "Kuja kunagwa phiri kuja?" Tinati eya. Anapitiriza kusoka.

Tinanyamuka thuu koloko. Pobwerera panalibe woliza hutala. Pa Govala tayala la Fostino linaphulika, tinataya ola lathunthu tikumata chubu padzuwa. Ku Zomba sitinaime. Titawoloka mlatho wa Namadzi, phiri la Chiradzulu lili patsogolo pathu, mawu amene ndinayenera kunena aja anandibwerera onse bwinobwino: kuti palibe munthu amene akanatha kugwira mtengo ndi dzanja limodzi m'madzi aja, kuti Esinati akanapanda kutero ndikanataya onse awiri, kuti ine amene ndinali kumsewu kusaka makasitomala mvula ikugwa chotero ndilibe pomuweruzira. Ndinaima pambali pa msewu n'kumuimbira foni. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. A Saidi anaima patali pang'ono, injini ikulira, kundidikira.

Tinafika pa Mbulumbuzi faifi koloko itadutsa, tili mbuu ndi fumbi. Anzathu amene anatsala pa siteji ankafunsa za nyanja, ndipo Fostino ankawaonetsa zithunzi. Amene mukufuna kupitako, pitani nthawi yachilimwe, mutenge chubu chapadera ndi madzi akumwa, chifukwa a m'nyanjamo ndi amchere.

Ine ndinapita kumeneko nditakonzeka kuyankha za malata, za mjigo, za phiri. Mkazi wanga ananyamula chinthu chija yekha zaka ziwiri, ndipo tsiku limene anayesa kunditulira, ndinakhala chete. Mawu aja ndinadzamulembera pa foni Lamlungu m'mawa. Foni imasonyeza kuti anawerenga.